Masaya Obwereka

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, cha 1995, anthu onse a m'mbali mwa nyanja anaonda kupatula Elenala. Matemba kunalibe, mlamba kunalibe, mpunga unapserera usanabereke, mabwato atangogona chafufumimba pa matope ong'ambika ku Kachulu, koma iye masaya ali ngati zitumbuwa, nkhope ili see. Amayi akakumana naye kumjigo ankamutsina tsaya n'kumaseka.

"Inu amake Mariya, njalayi kwanu siikufika kodi?"

Akanadziwa! Masaya aja anali a mankhwala. Elenala anali ndi mphumu kuyambira ali mtsikana, pamodzi ndi chimfine chosamva kutha. Nthawi yopuntha mpunga ikafika, mphuno zinkatsekeka, maso n'kumayabwa, n'kumayetsemula mpaka nthiti kuwawa. Zimenezo anazizolowera, poti nthawi yopuntha imabwera n'kupita. Koma chaka chimenechi mwera ukaomba unkakokolola fumbi loyera lamchere pansi pa nyanja youmayo n'kudzalithira m'mudzi, m'madzi akumwa, m'mabulangete, m'mano momwe. Chifuwa chake chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, ndipo kuchoka pakhonde kupita kunkhokwe ankayamba wapumira panjira.

Mwamuna wake Lameki, asanapite ndi asodzi anzake kukasaka nsomba ku Malombe, anamukweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko dokotala anamupatsa timapiritsi toyera m'kapepala, n'kutchula dzina lake, puledinisoloni, dzina loti lilime la Elenala silinalikwanitse n'komwe. Iye ankangoti timapiritsi ta mpweya.

"Awa akufikitsani kumvula yoyamba, fumbi likagona," anatero dokotalayo. "Muzimwa m'mawa uliwonse mutadya. Musasiye mwadzidzidzi. Ndipo mayi, chonde, musagawire munthu."

Elenala anavomera ndi ulemu wonse, koma mumtima anaseka. Kuuza munthu wa kuno kuti asagawe mankhwala! Kuno panado mmodzi amathyoledwa pakati n'kudumpha mpanda. Komabe awa sanagawe, chifukwa anaona zimene anamuchitira. Mphuno zinatseguka, chifuwa chinakhala phee, anayambanso kusenza yekha ndowa kuchokera kumjigo. Masaya ndiwo anangobwera okha ngati basera.

Kenaka Mariya anabwera.

Mariya anali mwana wake yekhayo wamkazi, amene anakwatiwa ku Limbe ndi Jafeti, wogulitsa nsomba zouma. Jafetiyo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo anakamuika kwawo ku Phalombe, moti wa kuno palibe anamuona mmene anathera. Mariya anatsika matola ku Kachulu masana a mwezi wozizira, chitenje chili kumutu, n'kudzera kuseri kwa minda kuti asakumane ndi munthu. Atalowa m'nyumba n'kuvula chitenjecho, Elenala anangokhala pansi. Diresi inali itangopachikika pa mapewa. Tsitsi lija anthu ankalisirira linali litapyapyala, litafiirira, ndipo maso anali atakula ngati si ake.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero Mariya.

"Taswera, kaya iwe? Ulendo unali bwanji?"

"Fumbi basi."

Anathera pomwepo. Matendawo palibe anawatchula, poti zaka zimenezo sankatchulidwa pamaso pa mwiniwake. Ankatchulidwa kumjigo, chonong'ona, ena amvekere kaliwondewonde, ena amvekere matenda omwewa, uku akuloza ndi milomo.

Mariya anakhala kuchipinda osatuluka. Anthu atamva kuti wabwera anayamba kufika kudzamulonjera, ndipo Elenala ankawalandirira pakhonde n'kumati mwana wagona, ndi malungo, akadzuka ndimuuza kuti munabwera. Mawa lake bodza lomwelo. Mkuja lomwelo. Aaa, bodza limatopetsa kuposa khasu. Akamaliza kunama ankalowa m'nyumba kukachapa nsanza zoipitsidwa ndi timadzi tomwe anatilimbirana kumjigo, n'kuziyanika kuseri kuti za pachingwe zisaulule.

Mkati mwa masiku amenewo kunagwa maliro a Fanuelo, mnyamata wa banja la pafupi, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe ali chigonere. Elenala anapita. Mariya anatsala, koma njira yochokera kumanda inadutsa kuseri kwa chipinda chake, ndipo khoma la nyumba yomata silibisa mawu.

"Mwaiona nkhope ija?"

"Iii, musanene! Mafupa okhaokha. Nanga ankanamiziranji anthu kuti ndi chifuwa?"

"Ndi zomwezi basi. Za m'tauni."

Anadutsa ambiri, nkhani ili yomweyo. Sizinathere pamenepo. Amake Fanuelo ankagulitsa thobwa panjira ya ku Kachulu, thobwa lokoma loti asodzi ankachita kulimbirana chikho. Chichitikire maliro aja palibe anafunanso kumwera chikho chawo. Ankakhala tsiku lonse pamthunzi ndi chidebe chodzaza, madzulo n'kukathirira nkhumba za eniake. Anthu akwathu kuno, pa maliro amalira nawe ndithu, misozi yeniyeni, koma maso amakhala akugwira ntchito ina.

M'mawa wina Elenala anali atadya kachinangwa kake, akutsegula kapepala ka mankhwala, pamene anaona kuti Mariya akumuyang'anitsitsa ali pamphasa.

"Amayi, timapiritsi timeneti ndi timene takunenepetsani, eti?"

"Ndi ta mphumu."

"Ndikudziwa. Koma masayawo?"

Elenala anameza kapiritsi kake n'kumangirira kapepalako kunsonga ya chitenje.

"Ine sindichira, amayi," anatero Mariya. "Tisanamizane, tonse tatopa. A Jafeti anayamba chonchi, ndinawasamala ndekha, njira yake ndikuidziwa. Imfa sindikuiopa kwenikweni. Chimene chikundisowetsa mtendere n'choti adzatsegule bokosi, mudzi wonse udzadutse pamzere kumandiwerenga mafupa. Ine, Mariya, amene ndinatuluka m'mudzi muno ndi nthungululu! Kenaka inu mudzatsale muno ngati amake Fanuelo. Ndigawireniko, amayi. Nkhope yokhayi."

"Ndiye ine ndizipuma chiyani? Fumbi?"

Mawuwo anatuluka akuthwa, ndipo Mariya anangotembenukira kukhoma. Elenala anatuluka panja atakwiya, anasesa pabwalo posesa kale, anakalipira nkhuku zosalakwa. Anakwiyira Jafeti amene anagona kwawo ku Phalombe mwaulemu wake, anakwiyira Lameki amene ankatumiza moni wokhawokha kuchokera ku Malombe, anakwiyira nyanja. Mkwiyo utamuthera anatsala ndi chisoni chokha, ndipo chisoni chinalibe poti n'kuchitayira. M'mawa mwake anathyola kapiritsi pakati ndi chikhadabo.

Theka silinathandize aliyense. Chifuwa cha Elenala chinayambanso kulira pang'onopang'ono, nkhope ya Mariya ili chimodzimodzi. Ndiye anasiya zothyolazo, n'kumapereka kathunthu.

Masiku oyambirira atasiya kumwa, Elenala ankadzuka ngati wamenyedwa ndi zibonga. Mawondo zii, mutu waa, chakudya osachifuna, akaimirira dziko n'kumazungulira. Kenaka mphuno zinatsekeka, n'kumapumira kukamwa, kukamwako n'kumalowa fumbi. Mwera unatha, kunabwera dzuwa lootcha ndi akamvuluvulu oyera oyenda pa nyanja youma, pamene anthu tsopano ankapalasa njinga kupita ku chilumba cha Chisi. Kamvuluvulu akaloza kumudzi, Elenala ankathawira m'nyumba n'kudziphimba kumaso ndi nsalu yonyowa. Kugona chagada kunakanika. Ankapuma atakhala tsonga, manja pa mawondo, mapewa m'mwamba.

Koma Mariya, abale! Njala inamubwerera, n'kumaitanitsa phala kawirikawiri. Masaya anayamba kudzaza, maso anabwerera m'malo mwake, chibwano chinazungulira. Mikono ndi miyendo zinali timitengo tomwe tija, koma zimenezo juzi ya manja aatali ndi chitenje chofika kuzidendene zinabisa. Tsiku lina anavala duku, anadzola mafuta kumaso, n'kukakhala pakhonde. Anthu odutsa anaima.

"Eee, Mariya! Wachira? Malungo a chaka chino ngoipa. Koma wanenepatu, ku Limbe kumakukonda!"

Mariya anaseka, kuseka kwenikweni kuja kwa ali mtsikana, mutu utagwera kumbuyo. Elenala anamva ali m'nyumba ndipo mtima wake unasangalala, zoona. Koma tisabise, analiponso mamawa ena amene ankayang'ana kapiritsi kakulowa m'kamwa mwa mwana wake, iye chifuwa chili gwa, n'kumva kuti akumuda mwanayo. Akatero ankachita manyazi, n'kupita kukamukonzera phala lina.

Amene anazindikira anali Emma, mnzake wa nyumba yoyandikana nayo. Emma ndiye ankasambitsa maliro a akazi m'mudzimo. Anaona matupi ambiri, anadziwa zambiri, ndipo pakamwa pake panali posatuluka kanthu. Anamupeza Elenala panjira ya kumjigo atakumbatira mtengo wa mango, ndowa itagubuduka, madzi onse atamwedwa ndi dothi, milomo ili bii.

"Mankhwala anu aja atha?" anafunsa Emma.

Elenala anapukusa mutu.

Emma anamuyang'ana masaya amene tsopano anali atagwa ngati matumba opanda kanthu, kenaka anayang'ana chakunyumba kumene Mariya anakhala pakhonde nkhope ili see. 

"Mayi inu, mudzafa ndinu poyamba," anatero. Anakabwereka njinga kwa mlamu wake, n'kumukweza yekha mpaka kuchipatala.

Kuchipatalako kunali anthu osaneneka, ambiri otsegula m'mimba chifukwa cha madzi a m'zithaphwi, ena atagona pansi pa mitengo. Dokotala uja naye anali ataonda, maso ali psuu. Anamubaya Elenala jakisoni, anadikira kuti mpweya ubwerere, kenaka anamugwira chibwano n'kutembenuza nkhope yake uku ndi uku.

"Mwagawira ndani?"

Elenala anayang'ana pansi.

"Simuli oyamba, mayi. Ena akumagula pamsika kuti anenepe. Ndi munthu woonda, eti? Wodwala nthawi yaitali?" Anapumira m'mwamba. "Tamverani. Mankhwala amenewa amagonetsa asilikali a m'thupi. Kwa inu n'zabwino, chifukwa asilikali anu ndi amene amachita phokoso ndi fumbi. Koma munthu amene asilikali ake atha kale, mukumutsegulira chitseko matenda onse. Nkhope inenepa, inde, koma mukumufupikitsira masiku."

"Ndipatseniko ena, adokotala," anatero Elenala motsitsa. "Anga ndekha."

"Ngakhale ndikanafuna, atha. Galimoto ya mankhwala sitikudziwa kuti ibwera liti. Amene atsala kunyumbawo abwerere m'kamwa mwanu, ndipo wodwalayo mubwere naye kuno." Anamupatsa mapiritsi ena a mphumu, aja ongothamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja, n'kuitana wotsatira.

Pobwerera Emma ndiye ankapalasa. Elenala kumbuyoko ankangomva mawu amodzi, mukumufupikitsira masiku, mukumufupikitsira masiku, mogwirizana ndi kulira kwa tcheni.

Anamupeza Mariya atalowa m'nyumba, akutsokomola. M'kamwa mwake munali mutayamba zilonda zoyera, moti phala ankalimeza akutsinzina. Elenala anakhala pamphasa n'kumuuza zonse, osachotsera, osawonjezera. Za kupita kuchipatala Mariya anakaniratu, amvekere akandivula juzi pamaso pa anthu a ku Kachulu. Koma atamva za mapiritsi anapisa dzanja pansi pa pilo, anatulutsa kapepala kaja kamene tsopano ankasunga iye n'kukakankhira kwa mayi ake.

"Tengani. Masiku angawo si kanthu, koma inu ndakumvani mmene mukupumira. Ndinalakwa kupempha."

Elenala anakatenga. M'mawa mwake anadya kachinangwa kake, anatsegula kapepalako, n'kuika kapiritsi pachikhatho. Timapiritsi tinali titatsala tochepa, tokwanira munthu mmodzi mpaka mvula, ngati mvulayo ikanakhala ndi chifundo. Kunja mphepo inali itayamba kale kunyamula fumbi. Anayang'ana mwana wake ali m'tulo, tsaya lonenepa litatsamira pa kamkono konga bango. Akasiya lero, pofika tsiku lakelo nkhope idzakhala itabwerera mwakale, ndipo kubanika konse kuja kudzakhala kwachabe. Akapitiriza, ndiye kuti akumukankhira yekha mwana wake kumanda, akudziwa. Anafuna wina woti amuuze chochita, koma m'nyumbamo munali iye yekha, ndipo anali atatopa kufika m'mafupa.

Anamugwedeza Mariya paphewa.

"Dzuka, umwe."

"Amayi..."

"Ndati yasamula. Usanditopetse."

Mvula sinabwere. Mariya anamwalira masana ena otentha a mwezi wa Okutobala, chifuwa chitamugwira mwamphamvu masiku ochepa okha, timapiritsi titangotsala pang'ono kutha. Mlungu umodzi m'mbuyomo anthu anali atamuona pakhonde akusankha nyemba. Uthenga unatumizidwa ku Malombe, koma ndi kutentha kumeneko panalibe zodikira Lameki.

Emma anagwira ntchito yake mwanzeru. Amayi ena oti amuthandize anawatuma uyu kukatunga madzi, uyu kukafuna lumo, uyu kukaitanitsa nsalu, ndipo pamene ankabwerera anapeza thupi atalikulunga kale mpaka m'khosi, duku loyera lili kumutu. Panatsala nkhope yokha, yodzaza bwino, yosalala, ngati ya munthu amene wangogona atakhuta.

Elenala anagona pasiwa pakati pa amayi, mu utsi wa nkhuni ndi fumbi la mapazi a anthu. Pofika m'mawa chifuwa chinali chitatsekeka kuposa kale lonse. Timapiritsi totsala tija anamwa, koma si mankhwala oti ungamwe lero n'kupuma lero lomwe.

Itakwana nthawi yoona nkhope, adzukulu anatulutsa bokosi n'kuliika pabwalo, anatsegula chakumutu, anthu n'kuyamba kudutsa pamzere, amuna kaye, kenaka amayi. Elenala anakhala pamphasa chapafupi, Emma atamuchirikiza kumsana, ndipo makutu ake anali tcheru.

"Mayo, Mariya! Ngati adzuka."

"Thupi lake lonse lili pompo. Malungo aakulu amenewa, amangothyola munthu."

"Ndimanena ine kuti si zija. Anthu pakamwa!"

Elenala anatsinzina. Zatheka, mwana wanga, anatero mumtima. Wadutsa.

Pomaliza anaimiritsa iye, mayi wa malemu, kuti atsanzikane ndi mwana wake. Apa ndi pamene mayi amang'amba mudzi ndi kulira, amadzigwetsa pansi, amaitana mwana wake ndi dzina, amayi ena n'kumulandira kulirako mpaka bwalo lonse kugwedezeka. Onse anadikira. Elenala anayang'ana nkhope ija, ndipo kulira kunadzadza m'mimba mwake, kunakwera mpaka pakhosi. Anatsegula pakamwa. Panangotuluka kamluzu kakang'ono. Anayesanso, kamluzu komweko. Mphamvu zake zonse zinali pa kukoka mpweya wotsatira, moti ngakhale misozi inakana. Anangoima pamenepo, mapewa m'mwamba, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa.

 Kenaka kumbuyo kunayamba manong'onong'o, ndipo manong'onong'o a pa maliro sachedwa kufika kutsogolo.

"Mayi wake osalira?"

"Ngakhale msozi umodzi. Taonani maso akewo."

"Komatu munthu wathanzi chonchi samangofa. Dzana lomweli amaseka pakhonde."

"Bambo kulibe, m'nyumba anali awiriwiri. Pali chimene akudziwa mayi ameneyu."

Emma anamukhazika pansi msanga, n'kuika pakamwa pake pakhutu la Elenala. 

"Lirani, mnzanga, ngakhale pang'ono pokha. Ayamba kunena kuti mwamudya ndinu. Mukudziwa zimene amachita nazo nkhani zoterezi, simudzakhalamo m'mudzi muno." Elenala anakoka mpweya, kamluzu n'kulira. Emma anayang'ana adzukulu amene anali atanyamula kale chivundikiro, hamala ili m'manja. "Ndiye ndiloleni. Ndingofunyulula nsaluyo aone mikono, basi. Ndamusambitsa ndine, andikhulupirira."

Anayamba kudzuka, koma Elenala anamugwira padzanja. Mphamvu zimenezo kaya anazitenga kuti, zikhadabo zinalowa m'khungu. Anapukusa mutu kamodzi, uku akumva mawu aja akufalikira kumbuyo kwake mpaka kumene kunakhala amuna. Sanalisiye dzanja la Emma mpaka adzukulu atakhoma msomali womaliza.